Chipere ndi Mphasa ya a Sakala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinachoka kwathu ku Mwase Lundazi kudzayamba giredi eyiti pa boma. Inali nthawi ija ulamuliro wa chipani chimodzi utangotha kumene, zovala zakale zochokera kunja, zotchedwa salaula, zitadzaza pamsika. Pafupi ndi mudzi wathu panalibe sukulu yopitirira giredi seveni, choncho adada anandipereka kwa mng'ono wawo, amene ankayendetsa galimoto ya ofesi ina ya boma. Iwowa ndinkawatchula kuti adada aang'ono. Nthawi zambiri ankakhala ali paulendo, moti nyumba inali m'manja mwa akazi awo, amama aang'ono, mayi wa ku Chipata wosachulutsa mawu, amene ankagulitsa salaula pamsika wa Lundazi. Anali ndi kamwana kamodzi, Tamara, kamene kanabwera pambuyo poti mimba ziwiri zapita padera. Ndikaweruka kusukulu, ntchito yanga inali kutunga madzi ndi kubereka Tamara amama akamaphika.

Pasukulu pathu panali mphunzitsi wa masewera, a Sakala, amene anakulira ku migodi. Ali mnyamata ankachita masewera ogwetsana, ndipo makutu awo anali opindikapindika ngati bowa wouma. Atafika ku Lundazi anayambitsa kagulu ka masewerawo. Popeza sukulu inalibe chogwerapo, iwo anatolera matiresi akale a siponji amene anthu anataya, anawalumikiza ndi chingwe, n'kuwasokera m'kati mwa tenti yobiriwira ya lole. Ifeyo tinkangoti mphasa. A Sakala ankainyadira kwambiri mphasayo. Woiponda ndi nsapato ankathamanga kuzungulira bwalo mpaka lilime kunja. Koma kuitsuka sitinkaitsuka. Tikamaliza tinkaipinda ikadali yonyowa ndi thukuta, n'kuikankhira m'kachipinda kopanda zenera kosungiramo makasu. Mawa lake poitambasula inkatulutsa fungo lowawasa, ngati la thumba la chimanga limene lavumbwa, ndipo ife tinkaganiza kuti ndilo fungo la masewerawo.

M'kalasi ndinali wopanda mawu. Chinyanja changa chinkatuluka ndi Chitumbuka, ndipo ndikayesa Chingerezi ana a m'tauni ankabisa nkhope m'mabuku. Koma kugwetsana ndinakuphunzira kalekale kubusa, pamchenga wa kudambo. Pamphasa paja ndinali munthu. A Sakala ankandiphatikiza ndi Kelvin, mwana wa mkulu wina wa zaulimi amene anasamuka kuchokera ku Lusaka, chifukwa tinali ofanana msinkhu. Ankandigwetsa, ndinkamugwetsa. Aphunzitsiwo analonjeza kuti ochita bwino adzapita nawo ku Chipata pakutha pa temu kukalimbana ndi anyamata a kumeneko. Ine Chipata ndinali ndisanamuonepo.

Kuyabwa kunayamba mvula ili pakati, nyengo ija chovala sichiuma ngakhale chitakhala pachingwe tsiku lonse. Panali pakhosi, kumunsi kwa khutu, chakumbuyo kumene maso sangafike. Ndinkayesa kuti ndi udzudzu. Tsiku lina masana, Kelvin atandikola khosi kuti andigwetse, anangondisiya mwadzidzidzi n'kudumphira kumbuyo.

"Aticha! Bwelani muone ichi chili pakhosi pa Yotamu!"

Anyamata onse anandizungulira. A Sakala anandiuza kuti ndiwerame. Sanandikhudze. Anatenga cholembera n'kukankhira nacho khutu langa pambali.

"Ichi ni chipele," iwo anatero. "Kwanu muli na agalu?"

"Tili nawo, aticha."

"Ndiye basi. Ni va kumunzi ivi. Choka pa mphasa, usaniwonongele anyamata. Uzabwela ukapola."

Sanakalipe. Analankhula ngati munthu amene wapeza yankho la samu. Koma mawu akuti va kumunzi aja anagwera m'makutu mwa anyamata, ndipo pofika mawa lake dzina langa linali litasintha. Ndikamadutsa pakhonde ena ankayamba kudzikanda mwadala. Amene ndinkakhala naye desiki anasamukira kumbuyo.

Madzulo a tsiku loyambalo ndinawauza amama aang'ono, poganiza kuti mwina akudziwa mankhwala. Ndinali nditabereka Tamara. Anaika pansi mpeni umene ankadulira repu, anandizungulira, n'kuyang'ana. Kenaka anamasula chitenje mofulumira n'kumukwatula mwanayo, moti anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

"Usamugwilenso," anatero. "Adada ako akabwela tizakambilana."

Kuyambira pamenepo ndinali ndi mbale yangayanga, kapu yanga, ndi beseni langa losiyana. Pogona anandisamutsa pabalaza kunditumiza kukhitchini ya panja. Tamara anali atangoyamba kukwawa, ndipo akandiona ankabwera akuseka, manja m'mwamba. Ndinkachita kumuthawa.

Chimene chinkandidya mumtima sichinali mbale kapena khitchini. Anali mawu aja akuti tizakambilana. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Mkulu wanga Yohane nayenso anayambapo sukulu kutali ndi kwathu. Atadwala malungo anam'bweza kumudzi kuti akapume pang'ono. Anafika fodya akuthyoledwa, manja akusowa, ndipo pang'ono uja sanathe mpaka lero. Nyengo imene ndinali ndi chipere inalinso ya fodya yomweyo. Ndinkaona m'maganizo adada akundilandira ndi chisoni cha pakamwa, kwinaku akuloza chigafa chodzaza masamba oyembekeza kusokedwa. Galimoto iliyonse ikamveka mumsewu ndinkaganiza kuti adada aang'ono afika ndipo mlandu wanga ukambidwa.

Za kuchipatala palibe anazitchula. Masiku amenewo chipere sichinkawerengedwa ngati matenda opita nawo kwa dokotala. Aliyense anali ndi mankhwala ake. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anati ndipake utomoni wa papaya wosapsa. Wina anati phulusa ndi mchere. Mnyamata wina wokonza njinga pamsika analumbira kuti mafuta a mabuleki a galimoto amachotsa chipere tsiku limodzi, koma anandionetsa chipsera chakuda chimene chinatsala pamkono pake, ndipo ndinachita mantha. Papaya ndinayesa. Ndinkacheka chipatso chobiriwira, kudonthezera utomoni pachala, n'kupaka mongopapasa. Kunkawotcha ngati tsabola. M'mawa ndinkathamangira ku dramu la madzi kuyesa kudziyang'ana, koma khosi silinkapindika mokwanira. Ndinkangoyeza ndi chala, ndipo chala chinkandiuza kuti mkombero uja ukukula. Posakhalitsa china chinatuluka pamkono, chofiira m'mphepete, choyera pakati, chozungulira bwinobwino ngati wachijambula ndi kapu.

Masana ndinkaima patali, kuseri kwa kalasi, kuonerera anzanga akugwetsana. Kelvin anam'patsa mnzake wina. Masabata anapita choncho.

Adada aang'ono anafika pakati pa sabata ina, ndipo m'mawa mwake ndi pamene chimene ndinkaopa koposa chinachitika. Ndinali kusesa pabwalo pamene ndinamva amama akuitana amuna awo ndi mawu amene sindinawamvepo. Anatuluka atanyamula Tamara, atam'tembenuzira nkhope kudzuwa. Patsaya la mwanayo panali kamkombero kofiira, kakang'ono ngati batani la malaya.

Tsache linandigwa m'manja. Amama sanandikalipire. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangondiyang'ana, kenaka anati, "Longeza vovala vako. Pa Chiwelu ukwela minibasi."

Ndinayang'ana kwa adada aang'ono. Iwo anayang'ana pansi, n'kundilankhula m'chinenero cha kwathu, chimene ankachigwiritsa ntchito akafuna kufewetsa nkhani. "Ukapumule dankha ku kaya, mwana wane." Ankatanthauza kuti ndikayambe ndapuma kumudzi. Anali mawu omwe aja anauzidwa Yohane.

Chifukwa cha Tamara, tsiku lomwelo tinapita kuchipatala. Amama anati nanenso nditsagane nawo kuti adokotala akaone kumene matendawo achokera. Ndinkayenda kumbuyo kwawo, patali. Pabenchi yodikirira panali anthu ambiri, fungo la mankhwala litasakanikirana ndi la zovala zonyowa. Nditakweza maso ndinaona Kelvin atakhala ndi amayi ake, atavala chipewa cha ubweya chofika m'makutu ngakhale kunali kotentha. Atandiona anatembenukira kukhoma. Chapatali pang'ono panali mnyamata winanso wa m'kagulu kathu, akukanda chigongono.

Amene ankaona odwala tsiku limenelo anali mayi wamfupi wa magalasi, a Nyirenda. Ataona yunifomu yathu pamzere anatiitana tonse pamodzi ndi makolo athu. Anamuuza Kelvin kuti avule chipewa. Pamutu pake panali malo awiri pamene tsitsi linali litathothoka, poyera ngati pathiridwa ufa.

"Ni uyu anapatsa mwana wanga," anatero amayi a Kelvin akundiloza. "Aticha anakamba kuti anabwela navo kuchoka kumunzi."

A Nyirenda anandiyandikira. Anandigwira chibwano, anatembenuza mutu wanga, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Wapakapo chani apa? Wazitentha khungu." Nditawauza za papaya anapukusa mutu. Atamva kuti tonse atatu tinali a m'kagulu kogwetsana pamphasa, anandifunsa: "Unasiya liti kugwesana?"

Ndinawauza kuti papita masabata angapo. Anafunsa Kelvin kuti zake zinayamba liti, ndipo iye anayankha motsitsa kuti sabata yathayi. Anafunsanso mnzathu uja, yemwe sindinalimbanepo naye n'kamodzi komwe chifukwa anali wamkulu thupi.

"Sabata ino naona anyamata ambili a sukulu yanu," anatero a Nyirenda. "Sagona nyumba imodzi, sametewa na munthu umodzi. Nanga agwilizana pa chani? Iyo mphasa yanu muisuka na chani?"

Tinayang'anana. Kelvin ndiye anayankha kuti sitiitsuka, timangoisesa.

Pamenepo a Nyirenda anatifotokozera kuti chipere chili ngati chuku chimene chimamera pa chinthu chonyowa. Chimakonda thukuta ndi mdima. Chimachoka pakhungu la munthu kupita kwa mnzake, komanso chimatsalira pa thaulo, pa chipeso, ndi pa chilichonse chimene khungu lakhuzikapo, n'kumadikira wina. Amayi a Kelvin anafunsabe kuti nanga anayambitsa ndani.

"Siniziwa, amai," anatero a Nyirenda. "Kapena ni uyu, kapena ni wanu, kapena chinabwela na matilesi. Olo niziwe, nizalemba mankhwala yosiyana?"

Kenaka anaona Tamara. Ndinkapemphera chamumtima kuti anene kuti ndi zotupa za kutentha chabe. Koma anati ndi chipere ndithu, ndipo mwina anachitenga pamene ankagoneka tsaya pakhosi panga ndikam'bereka. Anapitiriza kunena kuti si matenda oopsa, kuti mafuta opaka achotsa, bola tizipaka m'mawa ndi madzulo osasiya ngakhale mkombero utazimiririka. Kelvin anam'lembera mapiritsi chifukwa zake zinali m'mutu. Kwa amama anati thaulo ndi zofunda zikhale zosiyana, zitenje zichapidwe n'kuuma padzuwa, koma za mbale ndi kapu asavutike nazo. Amama ankangogwedeza mutu. Pobwerera sanandilankhule, ndipo chola changa chinakhalabe chomanga pakona ya khitchini.

Amayi a Kelvin sanali munthu wosunga nkhani. Pochoka kuchipatala analunjika kusukulu. Mawa lake a Sakala anaitana kagulu konse, ine ndemwe, n'kutiuza kuti titulutse mphasa pabwalo. Kunali kadzuwa kofooka, mitambo ikusonkhana chakum'mawa. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi umene anasoka okha. Atafunyulula tenti ija, tonse tinabwerera m'mbuyo titagwira mphuno. Siponji inali yakuda, ina yobiriwira, yonyowa moti ukaiponda inkatulutsa madzi. Kunsi kwa tenti kunali zoyerayera ngati ulusi wa kangaude. Apa ndi pamene tinkagwetsanapo, kukhuza masaya ndi makosi athu tsiku ndi tsiku.

A Sakala anayang'ana siponji ija. Kenaka anapinda dzanja la malaya awo mpaka m'chigongono n'kutionetsa mkono. Panali mkombero wofiira, watsopano.

"Nanga ine," anatero, "nili na agalu?"

Palibe anaseka. Aphunzitsiwo anayang'ana kwa ine, n'kundiponyera burashi. "Yotamu, bwela. Tiyambe."

Siponji yoipitsitsa tinaitentha kuseri kwa zimbudzi. Yotsalayo tinaifinya n'kuiyanika pamwamba pa mpanda. Tenti tinaikwecha ndi sopo ndi madzi a jiki mpaka manja anatuwa, kwinaku tikuyang'ana kumwamba kuopa mvula. Aphunzitsiwo anaika malamulo atsopano. Mphasa izipukutidwa ndi jiki tisanayambe ndiponso tikamaliza, ndipo isapindidwe isanaume. Aliyense azisamba akangochoka pamphasa, ndi thaulo lake. Tisanagwetsane tizivula malaya n'kuyang'anana khungu, iwonso tiziwayang'ana. Wopezeka ndi chipere azipita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo womuseka azichoka m'kagulu.

Anyamata anayamba kundilankhulanso, ena mwamanyazi. Kelvin anandipatsa theka la chikondamoyo chake. Koma ine chimwemwe chinkakanika kulowa. Linali Lachisanu. Tikupumula, a Sakala anandifunsa chifukwa chake nkhope inali yogwa, ndipo ndinawauza kuti mawa ndikubwerera kumudzi.

Madzulo ake ndinali pamsika, kuthandiza amama kumanga mitolo ya zovala zotsala, pamene ndinaona a Sakala akubwera akukankha njinga yawo pakati pa matebulo a tomato ndi kapenta. Anapereka moni mwaulemu, anavula chipewa, n'kudzitchula kuti ndiwo aphunzitsi anga. Amayi a m'mabenchi oyandikana anasiya zimene ankachita.

"Amai, nabwela pa nkhani ya uyu mwana," iwo anatero. "Nine ninakamba kuti anabwelesa matenda kuchoka kumunzi. Ninakamba chosaziwa. Mphasa yanga ndiye inali yodwala. Napapata, musamuchose sukulu."

Sindinaonepo mphunzitsi akulankhula chotero pamaso pa anthu, ndipo ndinasowa poyang'ana. Amama anapitiriza kupinda diresi imene inali m'manja mwawo.

"Mwana wanga ali na chipele pa tsaya, aticha," anayankha. "Mphasa yanu siinamupape. Anamupapa ni uyu." Ankanena za kubereka mwanayo kumbuyo.

"Ni zoona," anatero a Sakala. "Koma uyu anagona pa mphasa yanga. Ngati mufuna wokalipila, nili pano."

Panabwera mayi wofuna malaya a mwana, ndipo amama anatembenukira kwa wogulayo. A Sakala anadikira pang'ono, anatsanzika, n'kumapita. Ndinasenza mtolo kupita kunyumba ndisakudziwa ngati athandiza kapena awonjezera moto.

Loweruka m'mawa ndinavala malaya anga abwino n'kukhala pakhonde la khitchini, chola pamiyendo. Adada aang'ono anali atalawirira kuntchito. Ndinkamva madereva a minibasi akuimba mahutala chakumsika. Amama anatuluka ndi Tamara ndi kachitini ka mafuta a kuchipatala aja. Anakhala pampando, anapaka mwanayo patsaya mosamala, n'kumuika pansi. Kenaka anandiyang'ana.

"Wapaka?"

"Napaka, amama."

"Bwela nione."

Ndinapita n'kugwada chowafulatira. Anakoka kolala yanga.

"Upaka pambali. Pa chilonda penipeni palibe olo mafuta." Ndinamva chala chawo chozizira chikuzungulira pakhosi panga, pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete kulowa m'kati. Chichokereni kuchipatala kuja, ndiponso masabata onse aja m'nyumbamo, panalibe wa kwathu amene anandikhudzapo.

"Kumunzi azakupaka ndani?" anatero. "Amai ako ali ku fodya kuchoka m'mawa. Chosa vovala mu chola, uchape vonse, uyanike pa zuba. Ukasiliza ukatape manzi."

Anasamba m'manja ndi sopo, anabereka Tamara, n'kunyamuka kupita kumsika. Nkhani ya minibasi sinatchulidwenso. Kuyambira tsiku limenelo ankandipaka okha m'mawa ndi madzulo, akamaliza mwana wawo, mpaka kachitini kanatha. Tamara anachira msanga kuposa ine. Ulendo wa ku Chipata unalephereka temu imeneyo chifukwa theka la kagulu linali pa mankhwala, koma sukulu ndinapitiriza mpaka kumaliza.

Mpaka lero sindidziwa amene anabweretsa chipere pamphasa ija. N'kutheka kuti ndinali ine ndithu. Ndili mnyamata funso limeneli linkandisowetsa mtendere, koma tsopano ndimaona kuti a Nyirenda ankanena zoona, yankho lake silikanachiritsa aliyense. Munthu akachita mantha amafulumira kufunafuna mnzake womuloza chala, chifukwa kuthamangitsa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kugwada pansi n'kukwecha chimene nonse mukugonapo. Amama aang'ono sindiwaimba mlandu. Anali atataya ana awiri asanawaone nkhope, ndipo ine ndinadwalitsa amene anatsalayo. Anali ndi chifukwa chondibweza, koma sanatero.

Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anabwera kuchokera kusukulu ali ndi kamkombero pamkono. Ndinamva funso likufika pamilomo panga, lakuti wakupatsa ndani. Ndinalimeza. Ndinam'khazika pamiyendo panga, ngakhale ndi wamkulu kale, n'kumufunsa ngati pakuyabwa kwambiri.